Chiwaya chadzaza madzi, mpunga wamatana: kuthetsa mavuto pophika zakudya za ku China ndi maiko oyandikana nawo

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi: mlamu wanga, mayi wina wa kumpingo, ndi mtsikana amene ndimagwira naye ntchito. Onse anagula sosi wa soya, nadula nyama ndi masamba monga anaonera pa YouTube, koma chotuluka m'chiwaya chinali ndiwo zathu zomwe zija, zamsuzi, zongoda mtundu. Ndiye ndati ndilembe mayankho pamalo amodzi.

Gwero la mavuto ambiri ndi manja athu. Anazolowera ndiwo za nsima: anyezi, tomato, nyama, timadzi, kuvundikira, kenako kudikira kuti msuzi ugwirane. Kukazinga kwa ku China kumadana ndi madzi. Madzi akakhala m'chiwaya kutentha sikupitirira madigiri 100, pomwe nyama imayamba kufiira ndi kununkhira cha m'ma 140 kupita m'mwamba. Kafungo kautsi kamene mumakamva mu chakudya cha kulesitilanti, a ku Guangdong ndi ku Hong Kong amakatcha wok hei, mpweya wa wok (chiwaya chakuya cha ku China), ndipo sikatuluka m'chiwaya chonyowa. Pezani chizindikiro chanu m'munsimu, muyambe ndi chifukwa choyamba, poti ndicho chimavuta kawirikawiri.

## Nyama ndi masamba zikusambira m'madzi

1. Mwathira zambiri nthawi imodzi. Timaphikira banja lalikulu, ndiye mtima umafuna kuti kilogalamu yonse ilowe kamodzi. Chitsulo chimazizira pomwepo, nyama imatulutsa madzi ake, ndipo mumayamba kuwiritsa osadziwa.
- Mvetserani chiwaya. Nyama ikagwa pachitsulo chotentha imalira mokweza kuti tswaa. Phokoso likasanduka bwatabwata, madzi apambana.
- Pa sitovu ya m'nyumba musapitirire magalamu 250 a nyama ulendo umodzi. Iyaleni, isasanjikizane, ndipo musaigwire kwa masekondi 30 kapena kuposerapo. Ikafiira, tembenuzani, ichotseni, kazingani ina.
- Masamba akazingidwe paokha. Zonse zikakumane kumapeto, kwa mphindi imodzi, pamodzi ndi sosi.

2. Masamba alowa akudontha. Chainizi, mpiru ndi kabichi timatsuka n'kuponya mu poto nthawi yomweyo. Pano sizitheka. Tsukani kudakali ola lathunthu, yalani palichero, pukutani ndi nsalu yoyera. Patulani mapesi ndi masamba: mapesi ayambe, masamba atsatire patapita mphindi imodzi. Zitheba, karoti ndi broccoli ziviikeni kaye m'madzi owira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, muziumitse, kuti m'chiwaya zingodutsamo.

3. Chiwaya sichinatenthe. Donthezani madzi pang'ono musanathire mafuta. Akangouma pamalo pomwe agwera, dikirani. Akasanduka timipira tothamangathamanga pachitsulo ngati mikanda yomwazika, ndiye chafika.

4. Mchere ndi sosi mwathira msanga. Mchere umakoka madzi m'masamba. Uthireni kumapeto. Sosi wa soya mumuthire mozungulira m'mbali mwa chiwaya momwe muli moto, kuti atswike asanafike pa chakudya.

5. Nyama yachoka mufiriza isanasungunuke bwino. Isungunuke mu furiji usiku wonse, kenako ipukutidwe.

6. Moto weniweniwo ndi wochepa. Ndaika ichi kumapeto chifukwa anthu amathamangira kunamizira sitovu pomwe vuto ndi zisanu zapamwambazi. Komabe hotipuleti ya magetsi imachedwa kubweza kutentha, ndipo wok yozungulira kunsi imangoikhudza pamalo pang'ono. Pa hotipuleti gwiritsani wok yafulati kunsi kapena chiwaya chokhuthala chachitsulo, ndipo chepetsaninso muyeso.

Apa ndinene za mbaula, chifukwa ambiri amaipeputsa. Ku Penang m'dziko la Malaysia alipo ophika ma noodles otchuka a char kway teow amene mpaka lero amakakamira makala, ndipo mbaula yathu ya dongo mkati ndi mdzukulu wa mbaula ya ku Thailand, imene a ku Kenya anaitengera n'kuifalitsa kuno. Makala akayaka onse n'kufiira, wok yozungulira imakhazikika bwino pakamwa pa mbaula, moto n'kumanyambita m'mbali. Ine ng'ombe yokazinga ndi tsabola wobiriwira ndimaphikira pambaula, pakhonde, ngakhale magetsi alipo. Chovuta chake n'chakuti moto wa makala sutsitsika, ndiye ukakula mumanyamula chiwaya. Chilichonse chikhale chodulidwa kale, sosi wosakaniza kale m'kapu, mbale yopakulira ili pambali. Mukayamba, nthawi yosenda adyo palibe.

## Mpunga wokazinga wasanduka phala

1. Mpunga ndi wotentha, wongophikidwa kumene. Kunja kwa njere kumakhala konyowa ndi komata. Wabwino ndi wadzulo, wogona mu furiji. Ngati mulibe furiji, kapena magetsi anazima usiku, musaugoneke panja. Phikani tsiku lomwelo, yalani mopyapyala pathireyi pamalo opita mphepo, ukhale mphindi 30 mpaka ola limodzi, kenako kazingani.

2. Munauphika ndi madzi ambiri. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umakazingika bwino, ndipo fungo lake silisiyana patali ndi la jasmine wa ku Thailand. Koma timakonda kuuphika wofewa. Wokazinga uchepetsereni madzi. Kwa jasmine, kapu imodzi ya mpunga ndi kapu imodzi ndi kota ya madzi zimakwana. Kilombero yambirani pomwepo, muone mmene thumba lanu likuchitira, poti mpunga watsopano umamwa madzi ochepa kuposa wachaka chatha.

3. Simunautsuke, kapena ndi wosweka kwambiri. Tsukani mpaka madzi asiye kuyera ngati mkaka. Mpunga wa zidutswa zambiri upeteni kapena muusefe, zidutswazo zikhale za phala la ana.

4. Mibulu yalowa m'chiwaya osaswedwa. Nyowetsani manja, kapena muwapake timafuta, mufikise mpunga wozizira mpaka njere iliyonse ikhale payokha. Pokazinga musavundule ngati nsima. Kanikizani ndi kumsana kwa supuni, tembenuzani, kanikizaninso. Mukaona njere zina zikudumphadumpha pachitsulo, wapsa.

5. Sosi wachuluka. Ambiri amaganiza kuti mpunga wokazinga uyenera kuda. Wa ku Yangzhou, womwe ndi wodziwika kwambiri ku China, umakhala woyera ndi wachikasu cha mazira, ndipo kukoma kwake n'kwa mchere, nyama ya nkhumba, tinkhanu ta shrimp ndi anyezi wamasamba. Wakuda uja ndi nasi goreng wa ku Indonesia, ndipo amadetsedwa ndi kecap manis, sosi wa soya wokhuthala wotsekemera. Mukamusowa m'sitolo, wiritsani sosi wa soya ndi shuga wabulauni muyeso wofanana mpaka zitanuke ngati uchi. Supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri zimakwana mpunga wa anthu awiri.

Werenganinso za mpunga wogona kumapeto kwa nkhani ino. Musadumphe.

## Nyama yalimba ngati chikopa

1. Mwadula motsata ulusi wa nyama. Yang'anani mizere ya mnofu, mpeni udutse mopingasa. Zidutswa zikhale zopyapyala, mamilimita atatu kapena anayi. Nyama ikamaterera pampeni, ikeni mufiriza mphindi 30 kuti igwirane.

2. Yakhalitsa pamoto. Nyama yopyapyala chotere imapsa m'mphindi ziwiri. Ichotseni ikadali ndi kufiira pang'ono mkati, idzamaliza ikabwerera ndi masamba. Izi ndi za ng'ombe. Nkhuku ndi nkhumba zisafike patebulo zili zofiira mkati.

3. Simunaiveke. Kufewa kwa nyama ya kulesitilanti kumachokera apa. Pa magalamu 250 thirani supuni yaikulu ya sosi wa soya ndi ina ya madzi, fikisani ndi manja mpaka madzi onse alowe, onjezani supuni ziwiri zazing'ono za cornflour (sitalichi ya chimanga), kenako supuni ya mafuta. Isiyeni mphindi 20. Cornflour amapanga kachikopa kosunga madzi a nyama mkati.

4. Nyamayo ndi yokhwima. Ng'ombe ya pamsika nthawi zambiri inayenda mitunda. Mankhwala ake ndi soda yemwe uja wa thelere. Kota ya supuni yaing'ono pa magalamu 250, wosakaniza mu zovekera zija, amakwana. Ikakhala yolimba kwambiri, thirani theka kapena kupitirirako pang'ono, dikirani mphindi 20 mpaka 30, tsukani bwinobwino, pukutani, ndiyeno muiveke. Mukamva kukoma kwa sopo, kapena nyama ikufewa monyansa, soda wachuluka, monga zimachitikiranso ndi thelere.

Nkhuku yachikuda musalimbane nayo m'chiwaya. Malo ake ndi mumsuzi. Ku Vietnam, pho (supu ya ma noodles) ya nkhuku amaikonda ndi nkhuku zoyenda zokha ngati zimenezi, chifukwa msuzi wake ndi wonona.

## Chakudya chikumatira pachiwaya, kapena chiwaya chachita dzimbiri

1. Mafuta analowa chiwaya chisanatenthe. Tenthetsani chitsulo chokha, thirani mafuta, zungulizani, kenako nyama nthawi yomweyo.
2. Mwafulumira kutembenuza. Nyama ikafiira imadzimasula yokha.
3. Wok ndi yatsopano. Ya chitsulo imabwera itapakidwa mafuta a kufakitale. Ikwecheni ndi sopo ndi sitiliwulo, itenthetseni mpaka chitsulo chisinthe mtundu, pakani mafuta opyapyala kwambiri ndi kansalu, tenthetsaninso mpaka utsi uthe. Bwerezani katatu. Kuda kwenikweni kumabwera ndi miyezi yophika, kuona maso a nkhono n'kudekha. Taonani ziwaya za anyamata a tchipisi mmene zimanyezimira.
4. Wina waikwecha mpaka kuyera. Kwathu poto wakuda ndi chizindikiro cha ulesi, ndiye uzani onse a m'nyumba kuti iyi isakwechedwe. Madzi otentha ndi burashi basi, kuumitsa pamoto, kupaka dontho la mafuta.
5. Zowawasa zadya chikopa chake. Tomato, viniga ndi bwemba zikawira nthawi yaitali zimachotsa kuda kuja. Ziphikeni mu poto wina.

Dzimbiri si imfa ya wok. Kwechani, yambiraninso pa nambala 3. Koma chiwaya cha non-stick musachiike pamoto waukulu chonchi. Chopakidwa chake chimayamba kuwonongeka kupitirira madigiri 260, ndipo chikayamba kusupuka n'chotaya.

## Ma noodles amatana kapena aduka

Choyamba, mwawawiritsa mpaka kupsa, kuiwala kuti akapsanso m'chiwaya. A tirigu ndi mazira achotseni kudakali mphindi imodzi, atsukeni ndi madzi ozizira, akhe, muwapake supuni ya mafuta. A mpunga, opyapyala a pad thai (ma noodles okazinga a ku Thailand), sawiritsidwa n'komwe. Aviikeni m'madzi wamba kwa mphindi 30 mpaka ola, malinga ndi kukula kwake, mpaka azipindika pachala koma akadali olimba poluma. Amapsa ndi sosi m'chiwaya. Akauma asanafewe, wazani madzi supuni imodzi imodzi.

Chachiwiri ndi kudzazitsa kuja. Pad thai aphikeni wa anthu awiri ulendo umodzi. Chachitatu, mthiko ndi supuni zimadula. Nyamulani ndi timitengo kapena chopanira.

## Kukoma sikukufika

Kukuwawa ngati mankhwala. Adyo wapserera. Pamoto wa wok adyo wodula bwino amapsa m'masekondi 10 mpaka 15. Akangonunkhira, chotsatira chilowe. Akada, tayani, pukutani chiwaya, yambiraninso, palibe chomubweza. Chifukwa chachiwiri kawirikawiri ndi mafuta a chitowe. Akuda onunkhira aja si okazingira, ndi othira madontho mutaphula. Kazingirani a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza.

Mchere wachuluka. Mwathira mchere monga mwa masiku onse, kenako sosi wa soya, kenako oyster sauce (sosi wa nkhono za m'nyanja), mwinanso kachibulu ka supu. Onsewo ndi mchere. Supuni yaikulu imodzi ya sosi wa soya ili ndi mchere woyandikira theka la magalamu 5 omwe bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafikepo patsiku, ndiye ngati m'nyumba muli wa BP, yezani ndi supuni, osathira ndi botolo. Kupulumutsa chophika kale: onjezani masamba kapena mpunga wopanda mchere, kadontho ka mandimu ndi kashuga.

Chada koma chosakoma. Mwagula sosi wolakwika. Wa ku China alipo wamitundu iwiri: light, wopyapyala, ndiye wokometsa, ndipo dark, wokhuthala, ntchito yake n'kupereka mtundu, supuni yaing'ono imakwana. Ngati mungagule botolo limodzi lokha, gulani light.

Sosi wa nsomba akununkha. Ndi mmene alili. A ku Thailand amati nam pla, a ku Vietnam nuoc mam, a ku Philippines patis. Ndi tinsomba tating'ono ngati usipa tomwe timakhala mumchere miyezi yambiri, ngakhale chaka. Fungo lamphamvulo limachepa akapsa ndiponso akakumana ndi mandimu ndi shuga. Chakudya cha ku Thailand chimaima pa miyendo inayi: mchere, kuwawasa, kutsekemera ndi tsabola. Chikazizira mkamwa, nthawi zambiri chikusowa kuwawasa. Bwemba wathu yemwe ana amamunyung'unya ndiye mtima wa pad thai. Muviikeni m'madzi otentha, fikisani, sefani, ndipo simufunika wa m'botolo. Kambuzi amalowa bwino m'malo mwa tsabola wawo wamng'ono, koma yambani ndi mmodzi. Mandimu finyirani mutaphula, chifukwa akawira amawawa.

Msuzi sukugwira, kapena wachita mibulu. Cornflour asungunulidwe m'madzi ozizira, supuni imodzi pa ziwiri za madzi, ndipo mumutakasenso musanathire poti amakhazikika pansi. Alowe msuzi ukuwira. Ufa woyera wa nsima si cornflour, umangopanga phala. Cholowa m'malo mwake ndi sitalichi ya chinangwa, imene m'masitolo amalemba tapioca, ndipo ku Thailand ndi ku Vietnam ndiyo amagwiritsa kwambiri.

## Mkaka wa kokonati waduka

Yang'anani kaye mmene wadukira. Ngati ndi mafuta ofiira kapena obiriwira oyandama pamwamba pa kale (curry) wa ku Thailand, palibe cholakwika. Eni ake amachita dala: amawiritsa zonona za pamwamba pa chitini mpaka mafuta atuluke, n'kukazingiramo zosinja za kale. Koma ngati msuzi wonse wachita timibulu ngati chambiko, zifukwa ndi izi: wawira mwamphamvu nthawi yaitali, makamaka chovundikira, kapena mandimu alowa msanga, kapena mkakawo ndi wosungunula kwambiri. Tsitsani moto, musavundikire, takasani mofatsa. Kusalaza woduka kale, thirani cornflour wosungunula supuni yaing'ono. Chitini chofufuma, kapena mkaka wonunkha mowawasa potsegula, musalawe n'komwe.

Zosinja za kale zikamveka zosapsa, simunazikazinge mokwanira. Mukasinja nokha, mtondo waung'ono umaposa makina. Yambani ndi zolimba, monga tsinde la lemon grass yemwe timamwera tiyi, mumalize ndi zofewa.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana odziwa

Mafuta agwira moto. Musathire madzi. Madzi amaphulitsa mafuta oyaka, moto n'kufika kudenga. Zimitsani gasi kapena magetsi, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, musanyamule chiwaya, musatsegule mpaka chizizire. Moto ukatuluka m'chiwaya n'kugwira makatani kapena denga, tulutsani anthu onse, itanani ozimitsa moto.

Gasi. Moto wabwino ndi wabuluu.
- Ukakhala wachikasu n'kumadetsa mapoto ndi mwaye, tsukani timabowo ta pa sitovu itazizira. Ukapitirira, itanani katswiri wa gasi.
- Mukamva fungo la gasi, tsekani pa silinda, tsegulani mawindo, musayatse machesi kapena kukhudza switchi ya magetsi. Poyesa paipi pakani madzi a sopo, pamene pakutuluka thovu ndiye pakudontha. Paipi yong'aluka musaimange ndi mphira.
- Musakulitse nokha mabowo a sitovu kapena kusintha regulator pofuna moto waukulu wa wok.

Mbaula m'nyumba yotseka. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, wakupha. Phikirani panja kapena pakhonde. Wina akamva mutu, chizungulire kapena nseru, atuluke msanga, ndipo akafooka kapena kukomoka mutengereni kuchipatala.

Kupsa ndi mafuta. Madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Bala lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, la kumaso, la m'manja, kapena la mwana, n'la kuchipatala.

Kutupa milomo, lilime kapena kubanika atadya. Zakudya zimenezi zimabisa mtedza, shrimp ndi nkhono za m'nyanja. Terasi ya ku Indonesia, belacan ya ku Malaysia ndi kapi ya ku Thailand zonse ndi shrimp wosinja, ndipo amapezeka m'zosinja zambiri za kale zogula. Sosi wa soya wambiri ali ndi tirigu. Funsani alendo musanaphike. Munthu akayamba kubanika, musadikire kuti muone, thamangirani kuchipatala.

Bowa wakuda wouma. Wooneka ngati khutu uja musamuviike usiku wonse panja. Maola awiri akwana. Akakhalitsa m'madzi ofunda, monganso ma noodles a mpunga aawisi osasungidwa mozizira, amatha kumera poizoni wotchedwa bongkrekic acid, yemwe satha ndi moto. Mu 2020 poizoni ameneyu anapha anthu 9 a banja limodzi ku Jixi, m'chigawo cha Heilongjiang ku China, atadya ma noodles a chimanga chowawasitsa. Bowa akaterera kapena kununkha, tayani.

Kusanza atadya mpunga wogona. Ichi chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa ndanena ndekha kuti mpunga wadzulo ndiwo wabwino, pomwe kwathu kumatentha ndipo magetsi amazimazima. Mu mpunga mumakhala mbewu za kachilombo ka Bacillus cereus zomwe sizifa pophika. Mpunga ukakhala pofunda maola ambiri zimadzuka n'kutulutsa poizoni, ndipo poizoniyo ngakhale muukazinge pamoto wa mbaula satha. Mpungawo suoneka kapena kununkha kuti wawonongeka.
- Uziziritseni msanga pathireyi, ulowe mu furiji pasanathe ola limodzi.
- Ukazingeni tsiku lotsatira, osapitirira, ndipo utenthetsedwe kamodzi kokha.
- Wogona mu poto pa sitovu, kapena mu furiji yomwe inazima usiku wonse, tayani ngakhale mtima ukuwawa.

Kusanza kumayamba pakati pa mphindi 30 ndi maola 6, ndipo kwa ambiri kumatha tsiku limodzi akumwa madzi ndi Thanzi ORS pang'onopang'ono. Koma akakhala mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, agogo kapena munthu wodwala kale, kapena kusanza sikukuleka, akusokonezeka mutu, maso achita chikasu, mkodzo wasiya kutuluka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Mukawauze adokotala chomwe wadya, nthawi yomwe anadya, ndi kumene mpungawo unagona.